Mwana wanga amadziwa liwu limodzi lokha: "Dikila"

Aphungu,

Ndine mayi wa mwana mmodzi, wamwamuna, wa chaka ndi miyezi iwiri. Kunyumba timamutcha Bwana chifukwa anabadwa atachita tsinya ngati munthu amene wapeza antchito ake akugona. Ntchito yanga ndi yautelala. Makina anga ali pabalaza, pafupi ndi windo, ndipo makasitomala amandipeza pomwepo.

Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti Bwana sanayambe kuyenda. Kukwawa komwe amangokwawa pang'ono, kenako n'kukhala pansi kumandiyang'ana. Mwana wa alamu anga, amene anabadwa pambuyo pa wangayu, akuthamanga kale ndipo amatchula "mama", "dada" ndi "madzi". Wanga ali ndi liwu limodzi basi: "Dikila." Ndikamupatsa chakudya, "Dikila." Bambo ake akafuna kumunyamula, "Dikila." Tsiku lina anauza kasitomala wanga chimodzimodzi, mayiwo anaseka mpaka misozi, ine ndikumva manyazi.

Sikuti sindikuyesetsa ayi. Pogwirira ntchito telala pansi sipasowa mapini ndi masingano, choncho ndikamasoka sindimuika pansi. Ali ndi miyezi isanu ndi umodzi ndinamugulira kampando kamatayala kaja kophunzitsira ana kuyenda, ndipo amakhala mmenemo kuyambira m'mawa mpaka bambo ake ataweruka. Amathamanga nako bwino ndithu, akukankha ndi zala za kumapazi. Akayamba kulira ndimamupatsa foni yakale imene ndinaikamo makatuni kuti aziphunzirako mawu.

Apongozi anga atabwera sabata yatha anamuyang'ana n'kunena kuti, "Ana anga onse anayenda chaka chisanathe. Kwathu kulibe magazi aulesi." Akuti kumapeto kwa mwezi uno adzamutenga akakhale naye kwawo mpaka atayenda. Nditadandaula kwa amuna anga anangoti, "Amayi analera ana asanu, iwe ukulera makina." Aphungu, mwanayu akuyamwabe ndipo sanagonepo kutali ndi ine. Kodi mwana wanga ali ndi vuto m'mutu kapena m'miyendo? Ndimulole apite?

M.T., telala wa kuseri kwa msika

Mayi M.T.,

Tiyambe ndi nkhani yabwino. Mwana wanu ndi wanzeru. Chaka chonse wakhala akumvetsera zolankhulidwa m'nyumba mwanu, wasankha liwu limene limamveka kawirikawiri, ndipo akuligwiritsa ntchito pamalo pake penipeni. Mawa mudzimvetsere nokha. Akalira inu muli pakati posoka mpendero wa siketi, mumamuyankha kuti chiyani? Ndikukayika ngati mumati "madzi".

Munamupatsa dzina loti Bwana, munamugulira mpando wamatayala, munamupatsa foni, ndipo lero mukudabwa kuti aliyense wobwera kwa iye akumuuza kuti adikire. Chimene chatsala ndi tayi basi.

Tsopano zoona zake. Ana ambiri amayamba kuyenda okha pakati pa miyezi isanu ndi inayi ndi chaka ndi theka. Wanu ali mkati mwa nthawi imeneyo, sanachedwe. Pa msinkhu wakewu liwu limodzi kapena awiri si chachilendo. Mwana wa alamu anu wafulumira, tikumuyamikira, koma sindinamvepo munthu akufunsidwa mwezi umene anayamba kuyenda pofunsira ntchito. Za ana asanu a apongozi anu amene onse anayenda chaka chisanathe, ndingonena kuti ana akamakula, mbiri ya ukhanda wawo imakomerakomera. Mudikire zaka zina khumi, mudzamva kuti amuna anu anabadwa akupalasa njinga.

Kampando kamatayala ndiye mdani woyamba. Dzina lake ndi lokoma, koma sikaphunzitsa mwana kuyenda. Kamamunyamulira thupi lonse, iye n'kumangopalasa ndi zala. Kuyenda kumafuna kuti mwana akwawe, agwire mwendo wa tebulo, adzikoke yekha, aime phazi lonse lili pansi, agwe chamatako, adzukenso. Kugwa kumeneko ndiye sukulu yake. Madokotala a ana sakalimbikitsa kampandoka, ndipo chifukwa china n'chakuti kamafikitsa mwana msanga pamene samayenera kufika. M'chipinda cha telala malo amenewo ndi chingwe cha ayironi yotentha. Mwamuteteza ku pini n'kumupatsa galimoto yopitira kumoto.

Foni nayo ndi mphunzitsi wabwino kwambiri, kungoti sayang'ana wophunzira wake. Mwana akati "ba", katuni sasiya kuvina kuti amuyankhe. Mwana amaphunzira kulankhula poona pakamwa pa munthu, kuyesera, n'kuyankhidwa. Umboni muli nawo m'nyumba mwanu momwemo. Makatuni amuimbira kwa miyezi yambirimbiri ndipo sanatolepo kanthu. Liwu limodzi limene watola ndi lochokera pakamwa panu.

Ndiye chitani izi. Kampandoko kachoke lero, ndipo musakapereke kwa mnzanu amene mumamukonda. Gulani maginito, muziyendetsa pansi mukatha kusoka, mapini adzadziperekera okha. Sesani, yalani mkeka mbali ina ya balaza kutali ndi makina ndi ayironi, mutchinge ndi mipando, mumuike pansi opanda nsapato. Mupatseni makapu apulasitiki, supuni, katoni yopanda kanthu ndi zidutswa zikuluzikulu za nsalu. Chimene akuchikonda muchiike pampando kuti adzikoke poimirira. Adetsa zovala, inde. Sopo alipo.

Muzilankhula naye mukusoka. Simukusowa nkhani: "Iyi ndi nsalu yofiira. Tikudula. Wamva makina akulira?" Akatulutsa kaphokoso kalikonse, muyang'aneni n'kumuyankha ngati wanena zanzeru. Makasitomala mumatha kucheza nawo za maukwati a eni mpaka ulusi kutha, ndiye kucheza ndi mwana wanu sikungakukanikeni. Pitirizani kumuyamwitsa, ndipo chakudya chake chikhale chosiyanasiyana: dzira, nyemba, nsomba, masamba, zipatso. Ubongo ndi miyendo zimadya mbale imodzi.

Amuna anu aja amene amadziwa bwino za kulera, apatseni mpata aonetse luso. Akaweruka akhale pamkeka, agwire mwana manja, ayende naye kuchokera pakhomo kukafika pawindo. Ntchitoyi sifuna satifiketi.

Za kumutenga mwana, yankho ndi ayi. Mwana woyamwa amene wachotsedwa mwadzidzidzi kwa mayi ake amataya nthawi akulira ndi kukana chakudya, osati kuphunzira kuyenda. Koma musakangane ndi apongozi anu. M'mawu awo olasawo muli kachoonadi: kwawo mwanayo akanaikidwa pansi ndipo akanalankhulidwa. Zimenezo mungathe kuchita panu. Auzeni mwaulemu kuti, "Amayi, mwana akuyamwa, sangachoke. Koma bwerani mudzakhale nafe masiku angapo mutithandize." Akabwera, mwana wapeza munthu wina wocheza naye. Akakana, mwadziwa kuti nkhani sinali ya miyendo.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo apa sindikuseka. Mwezi usanathe pitani naye kusikelo, mutenge ndi bambo ake, mukafotokoze zonse zimene mwandilemberazi. Azaumoyo akamuyeze kulemera, miyendo ndi makutu. Musadikire tsiku la sikelo ngati satembenuka mukamuitana dzina, ngati sakuyang'anani m'maso, ngati dzanja kapena mwendo umodzi ukuoneka wofooka kapena wouma, kapena ngati wasiya kuchita zimene ankatha kale. Akafika chaka ndi theka asanayende, kapena akamapondabe ndi zala zokha, bwereraninso kuchipatala. Ndipo mabatani onse akhale m'botolo lotseka, pamwamba, chifukwa mwana wa pansi amalawa chilichonse.

Liwu lachiwiri la Bwana likubwera, ndipo adzalitola m'nyumba momwemo ngati loyamba lija. Inu ndi amuna anu muganize bwino zimene mukulankhulana pamaso pake, chifukwa tsiku lina adzalinena kwa apongozi anu.

Aphungu