Dzanja la Abambo pa Kiyi

Biwi, Lilongwe
Ogasiti 1996

Okondedwa Amayi,

Assalamu alaikum. Muli bwanji ku Chia? Bondo lija likukuvutanibe? Ine ndili bwino, kungoti fumbi la kuno landipatsa chifuwa.

Galimoto ya Abambo ndatsiriza kuikonza ku galaja kwathu. Anzanga ankaiseka kuti ndi nkhalamba yofunika ndodo, koma injini italira onse analeka kuseka. Ndaika matayala atsopano, malamba a pamipando ndi mabuleki amakono. Akale aja ankakwana pomwe mumsewu munkangodutsa njinga ndi mbuzi. Chiyambire matipate maminibasi achuluka, ndipo amathamanga ngati awathira njuchi.

Chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Mukudziwa kuti Abambo akafika potsetsereka amazimitsa injini kuti asunge petulo, galimoto n'kumatsika yokha iwo akuimba. Mabuleki atsopanowa amadalira injini. Ikazima, chopondera chimauma gwa, ndipo galimoto siima msanga.

Ndinawafotokozera pa foni. Anaseka, amvekere anayamba kuyendetsa ine ndisanamere mano. Sindikuwanena ayi. Petulo amene ankasunga chonchi ponyamula mpunga ndiye anatiphunzitsa sukulu tonsefe. Mawu anga awamva, koma dzanja lawo linazolowera, limapita lokha pa kiyi.

Tsono akuti abwera mwezi wamawa kudzaitenga, ndipo aiyendetsa okha mpaka kumudzi. Bwana wandikaniza tchuthi choti ndiwaperekeze. Ndikaganiza za mitsetse ya ku Mvera popita ku Salima, mtima umandiphulika. Ndikuopa, Amayi.

Pempho langa ndi limodzi: mubwere nawo, ngakhale ndikudziwa kuti ulendo umakupwetekani bondo. Pobwerera mukhale mpando wakutsogolo. Kiyi ali pakati, mbali yanu. Musakangane nawo, mukudziwa mmene amaumira khosi akauzidwa zochita. Mukangoona dzanja lawo likusiya chiwongolero, inu muike lanu pamwamba pake, mulibwezere pomwe linali.

Mundiperekere moni kwa achemwali a Sofiya ndi alamu, kwa amalume a Swaibu, ndi ana onse. Abambo muwauze kuti mpando wawo sindinausinthe, ukadali ndi dzenje lawo lija.

Ine akhoza kundiseka, koma dzanja lanu sangalikankhe. Allah akusungeni nonse awiri.

Ndine mwana wanu,
Jamali