Nyumba Zoyenda Panyanja ndi Chinangwa Chanu

Amayi anga, kodi kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano?

Kuno kumunsi kwa Michesi tilipo. Cholembera ndagwira ndekha. Sukulu sindinapondeko, mukudziwa, koma zilembo ndinazitola m'buku la nyimbo kutchalitchi, ndipo zikakhota zikhote, ndi zanga.

Mdzukulu wanga Joisi wachira, mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Nandolo wabereka bwino chaka chino koma chimanga chadyedwa ndi mbozi. Bondo lakumanzere likundivuta. Kuchipatala akuti ndisiye khasu. Ndawamva, khasu sindinasiye.

Nkhani yeniyeni ndi ya Esinati, mwana wanga womaliza, amene munamusiya akukwawa. Anapita ku Joni, ndipo pano akugwira ntchito m'sitima yapamadzi, panyanja yaikulu yamchere. Si sitima yokwera n'kutsika ayi. Anthu olemera anagula nyumba m'menemo, aliyense ndi makiyi ake, khitchini yake, zithunzi za ana ake pakhoma. Amagona dziko lina n'kudzuka lina, bedi lomwelo. Esinati amakonza ndi kusita m'nyumba ya agogo ena achizungu. Anandionetsa pafoni. Pamwamba penipeni pali dziwe losambiramo. Ndinati, "Iwe, madzi awazinga mbali zonse, akukumbiranjinso chitsime?" Ndinafunsanso kuti nkhuku zawo zimagona pati. Anaseka mpaka foni inagwa.

Koma ine ndi iye takhala tikukangana. Chitsikireni napolo m'phirimu zaka zapitazi, n'kukokolola nyumba ya anansi athu a Mateyu, mwanayu sagona tulo. Mwala wina unadzaima pamango anu aja, ulipo mpaka lero, mbuzi zimakwerapo. Wandimangira kanyumba ka malata kufupi ndi pa Boma, akuti ndisamuke mvula isanayambe. Dzinja latha ndinakana. Iye amvekere, "Mayi, nyumba ndi pamene munthu wagona mtima uli m'malo. Taonani anthu ndikuwagwirira ntchitowa." Ine ndinati, "Amenewo alibe manda. Amayi anga ndiwasiyire ndani? Munda uno ndi wa kuchikazi kwathu, sutuluka m'manja mwanga ndili moyo."

Mwezi watha Esinati anaimba foni mawu ali ofooka. Amuna awo a agogo aja amwalira ali paulendo. Mtembo anakautentha kumtunda, phulusa n'kulimwaza m'madzi, sitima n'kumapitirira. Palibe mtumbira, palibe ndi mtanda womwe. Ndinati, "Si izo nanga! Adzakasesa pati?" Ndinkayesa kuti mlandu ndapambana.

Esinati sananditsutse. Anangonena kuti m'mawa uliwonse agogowo amamuuza kuti aike makapu awiri a tiyi pakhonde. Amakhala moyang'ana madzi aliwonse amene sitima yafika tsikulo, n'kumawauza amuna awo za nyengo ndi za zidzukulu. Ndinati ndi misala ya anthu olemera. Foni itaduka ndinapita kukathyola khwanya, ndipo ndinadzimva ndikukuuzani inu za mboziyo, mokweza, ndili ndekha m'munda. Kumanda kuja sindinali nako pafupi n'komwe.

Ndi pamene ndinakumbukira zimene ndimazidziwa kalekale koma sindimafuna kuziyang'ana. Inu munachoka ku Mozambiki wapansi muli mtsikana. Amayi anu munawasiya m'dothi la kumeneko ndipo simunabwerereko. Pamutu munasenza mtolo wa mitengo ya chinangwa basi. Komabe tsiku lililonse munkalankhula nawo m'Chilomwe mukusinja, nthawi zina kukangana nawo kumene. Tikadandaula kuti ndife obwera munkati, "Chinangwa sichifunsa kuti dothi ndi la yani." Ndinkayesa kuti mukunena za ulimi.

Ndiye Amayi, ndisamuka. Musamuuze Esinati kuti wandigonjetsa, chifukwa sanatero. Ndaganiza ndekha. Munda sindigulitsa, azilima Joisi, koma kugona azigona kutsidya kwa msewu, kutali ndi khwawa limene napolo anadzera. Dzulo ndadula mitengo ya chinangwa chanu chija, chowawa chopangira makaka, chimene takhala tikubzala chibwerereni inu. Ndamanga mtolo. Mkamwini, mwamuna wa Joisi, akuti aukweze panjinga ya kabaza pamodzi ndi mphasa. Ndakana. Mtolo umenewo ndisenza ndekha mpaka pamsewu, bondo lifune lisafune.

Chaka chilichonse, anthu akamalambula kumanda mvula isanagwe, ndidzabwera ndi khasu langa kudzakupalirirani. Masiku enawo tizicheza kuseri kwa kanyumbako, pamene ndibzale chinangwacho. Ndipo ndamuuziratu Esinati kuti langa likadzakwana adzandibweze pambali panu. Za m'madzizo ayi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Elube wamakani uja.