Tsiku Limene Bambo Anasamba Mazira

14 Meyi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Ife kuno tilipo, mvula inasiya, ndipo nkhani ndili nazo zambiri. Yambani mwakhala pansi, chifukwa mukawerenga chiimire mugwa ndi phwete.

Msewu wathu mukuukumbukira. Chaka chino unaipa kuposa mmene munausiyira. Dzenje la pafupi ndi shopu ya Bambo lija linakula mpaka abakha a aneba ankasambiramo, ndipo makondakitala a minibasi analisandutsa siteji, n'kumakuwa kuti, "Otsika padziwe!" Galimoto iliyonse yodutsa pamenepo inkasiyapo kanthu, kaya ekizozi, kaya sipuling'i, mwini wake n'kungoikankhira kwa Bambo kuti awotcherere. Bambo ankati akangomva chitsulo kuti gwa, ankavala magalasi awo akuda asanaone n'komwe kuti watsoka ndani.

Koma chimene chinkawadyetsa Bambo n'chimene chinkawaliza Amayi. Nkhuku zawo zija zinayamba kuikira bwino, ndipo anapeza kasitomala wamkulu, mayi wina wophika buledi ndi makeke kumsika. Vuto linali kufikitsa mazirawo. Wa njinga yamoto aliyense amene Amayi ankamutuma ankakafika mathireyi akudontha. Mayi wa makekeyo anachenjeza kuti zikapitirira apeza wina.

Ndiye Amayi anayamba kuyenda khomo ndi khomo kumema anthu kuti tikadandaule kukhonsolo. M'nyumba munavuta.

"Mayi a ana, mukufuna kundilanda khasu m'manja?" anatero Bambo. "Msewu uwu ulibe mlandu. Vuto ndi anyamata osadziwa kuyendetsawa."

"Ngati ndi choncho, mazira a mawa mukapereke ndinu," anayankha Amayi, osakweza n'komwe mawu.

Bambo inu mukuwadziwa, sabwerera m'mbuyo. M'mawa mwake anabwereka njinga yamoto ya kasitomala wawo, n'kumangirira mathireyi kumbuyo, anavala ndi jekete lomwe. Dziwe lalikulu lija analizemba mwaluso ndithu, mpaka anacheuka kutikwezera dzanja. Apo m'pamene tayala lakutsogolo linalowa m'kadzenje kena kamene kanabisala m'madzi. Achimwene, ndinaona Bambo athu akuuluka! Sanavulale kwenikweni, anangosupuka pachigongono, koma anadzuka ali chikasu kuyambira kumutu mpaka kunsapato, chigoba cha dzira chili pakhutu. Mayi wogulitsa makala uja anafuula kuti, "Bweretsani mafuta ndi mchere, angotsala kukazinga awa!" Msewu wonse unafa nacho chikhakhali. Ine ndinayesa kudzigwira, zinakanika.

Amayi okha sanaseke. Anawagwira dzanja n'kukawatenthetsera madzi osamba. Madzulo ake ndikutsuka mbale, ndinamva Bambo akulankhula motsitsa mawu pakhonde. "Sikuti maenje ndimawakonda ine. Koma msewu ukasalala ndiziwotcherera chiyani? Pamsinkhu wangawu ndikapemphe ntchito kwa ndani?"

"Amene anaphunzitsa ana athu sukulu si dzenje, ndi manja anuwa," anatero Amayi. "Manjawa sakupita kulikonse."

Kunena zoona, misozi inalengeza m'maso mwanga, ndipo mbale imodzi ndinaitsuka kawiri.

Kukhonsolo tinapita chigulu, Bambo ali patsogolo ndi bandeji yawo. Poyamba anatizungulitsa, uyu akuti bwana ali kumsonkhano, uyo akuti mubwere mawa, koma Amayi anakhala pabenchi n'kunena kuti mawalo aliyembekezera pomwepo. Mapeto ake anatitumizira injiniya, mayi wamfupi wovala magambutsi, amene anauyenda msewu wonse wapansi. Sanatinamize. Anati za phula tiiwale kaye. Anati mdani wathu wamkulu ndi madzi, ndipo kuthira zidutswa za njerwa m'maenje monga tinkachitira kunali kungodyetsa mvula. Kenako anatilozera ngalande zimene tinazikwirira tokha ndi zinyalala, ena mpaka kumangapo mabenchi ogulitsira tomato. Tonse tinagwa nkhope.

Tinapangana kuti ife tifukule ngalandezo ndi kumazisamala, akhonsolo abweretse makalavati odutsitsa madzi pansi pa msewu, dothi la miyala ndi giledala yoti ikweze pakati pa msewu kuti madzi azitsetserekera m'mbali. Malole olemera a mchenga anawauza kuti azidzera njira ina. Loweruka lililonse tinkatuluka ndi makasu, mafosholo ndi mawilibala. Zimene tinafukula musafunse: nsapato, mapoto obooka, ngakhale chikwangwani cha atelala chimene ankalumbira kuti anawabera anzawo a nsanje.

Tsono tamverani izi. Ngalande ikadutsa pakhomo, munthu amafuna powolokera. Injiniya anafunsa ngati alipo wodziwa kupanga zovindikira zachitsulo, Amayi anangowagunda Bambo ndi chigongono. Panopa Bambo maoda awachulukira mpaka ena akuwabweza, ndipo akuuza aliyense kuti maganizo okonza msewu anayambitsa ndi iwo. Amayi amangoti, "Eetu, bambo a ana," uku akupakira mazira awo, amene tsopano akufika kumsika onse amphumphu.

Mwina Amayi akuuzani kale pafoni za woyendetsa giledala. Musamvere zonse. Ine ndinkangomupatsa madzi akumwa, poti ntchito yake ndi yapafumbi. Zoti giledalayo inkazimira pakhomo pathu pokhapokha masana alionse, imeneyo ndi nkhani ya makina, ine sindidziwako. Ndi munthu waulemu, wosalankhulalankhula, ali ndi kampata pamano ndipo akamaseka amatsinzina diso limodzi, ngakhale kuti ine sindinamuyang'anitsitse. Ntchito inatha mwezi watha ndipo giledala anaipititsa kwina, koma iye akubwerabe Lamlungu lililonse, akuti kudzaona ngati madzi akuyenda bwino m'ngalande. Bambo anamufunsa kuti madzi ake ati poti kunja kuli gwa, iye anangoyang'ana nsapato zake.

Pempho langa ndi ili: bwerani, musadikire mpaka kumapeto kwa chaka. Galimoto yanu musaiopere, ifika mpaka pakhomo. Bambo akuti pali nkhani ina imene sangaiyankhe okha popanda mwana wawo wamkulu, ndipo mukamabwera mundigulireko nsapato zabwino, zoti munthu n'kuimirira nazo pagulu.

Amayi akupereka moni wambiri, akuti ana muziwaveka zotentha poti kwanuko kumazizira. Bambo akuti geti lanu likathyoka musapatse wina. Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti ndili ndi zambiri zofuna kuwafunsa zimene sindingafunse inu. Palinso wina amene wandipempha kuti ndikupatseni moni mwaulemu wonse, ngakhale simunaonanepo. Wakhala akundifunsa ngati ndinu munthu wovuta. Ndamuuza kuti ayi, Achimwene anga ndi munthu wofatsa kwambiri. Chonde musadzandichititse manyazi.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Chitsirizira