Malo a Bambo

Lolemba, 2 Malichi 1987

Kumageti a mafakitale ku Harare, monga mwa masiku onse. Chaka chachiwiri chimalizireni Folomu 4. Chikwangwani chomwe chija cha Chishona: HAPANA BASA, palibe ntchito. Kapitawo kutuluka, kuloza ndi chala, iwe, iwe. Olozedwawo onse ali ndi mbale wawo m'katimo. Ine wanga ndi satifiketi, yomwe yayamba kutha m'makona. Ndatopa.

Lachisanu, 13 Malichi

Bambo akuti kufakitale yawo ya mipando ntchito salengeza. Munthu akapuma, mwana wake ndiye amalowa, chikhalire n'choncho. A Abednego, kapitawo wawo, ndi a ku Dedza ngati iwo, ndipo avomera pakamwa kuti Bambo akapuma ndilowe ine. Koma Bambo mphamvu akadali nazo, zaka zopumira sizinakwane. Ndakana. Iwo amvekere, "Ine ndadya kale, iwe sunalawe." Amayi maso pansi.

Lachiwiri, 31 Malichi

Bambo atsanzikadi kuntchito. Ovololo yawo achapa okha, andipatsa. Manja ake aafupi, Muriel mlongo wanga kuseka mpaka misozi. Inenso ndaseka, koma mtima ukundiwawa. A Abednego akuti ndidikire Isitala ipite.

Lolemba, 27 Epulo

A Abednego anawasamutsira ku Bulawayo sabata yatha. Wolowa m'malo mwawo sandidziwa. Wandifunsa m'Chishona kuti anandilonjeza ndani, ndipo zinalembedwa pati. Pamakina a Bambo pali kale munthu wina. Ndafika kunyumba ku Unit L ovololo ili m'pepala. Bambo ndi Amayi anazindikira okha.

Lachinayi, 30 Epulo

Bambo anapita kukadandaula. Mlonda amene ankagawana naye fodya wawaimitsa kunja. Abwera, akhala pakhonde osavula nsapato. M'nyumba muno tsopano mulibe wolandira malipiro. Chifukwa cha ine.

Lolemba, 11 Meyi

Pamzere wa basi pa Chikwanha, kucheuka, Bambo ali kumbuyo kwanga. Mutu bii. Imvi apaka polishi wa nsapato kuti aoneke anyamata. Taima limodzi pageti lina, iwo chilili ngati msilikali. Kapitawo waloza atatu, ife watidumpha, wabwerera m'kati. Dzuwa litakwera, polishi anayamba kuyenderera m'khosi mpaka pakolala. Anyamata ena kugwirana, kuseka. Ndinatulutsa mpango kuti ndiwapukute Bambo. Anandigwira dzanja.

"Usiye. Mwina atulukanso."