Masamba Asanu ndi Anayi

Lolemba, 13 Novembala 1995

Sabata yachitatu Anjelina ali kwa mchemwali wake ku Bangwe. M'nyumba zii. Mlandu ndi wanga. Ntchito ya ukalaliki inatha mu Ogasiti, ine osamuuza. Miyezi iwiri kudzuka, tayi pakhosi, kukakhala ku laibulale m'tauni mpaka madzulo. Tsiku lina ndinapeza wapita. Pathebulo kapepala: "Ndikudziwa."

A Ambrosi, ankhoswe athu, akuti tikumane pa 26. Ndayamba kulemba zokanena.

Lachinayi, 16 Novembala

Masamba asanu ndi anayi. Ndafotokoza zonse: kugwa kwa kwacha, makampani kuchepetsa antchito, mabwana atsopano. Zamveka bwino ndithu. Masana chinangwa chowotcha basi.

Loweruka, 18 Novembala

Ndinakawawerengera a Jabir, atelala a pakhonde, pamsika wa Ndirande. Nditafika tsamba lachinayi anaimitsa makina. "Achimwene, mukupepesa mkazi kapena mukuchita kampeni?" Ndinapsa mtima. Iwo osasiya: "Kwacha mwaitchula kasanu ndi kawiri. Dzina la alamu sindinalimve."

Kunyumba ndinafufuza tsamba ndi tsamba. N'zoona. Mulibe.

Lachiwiri, 21 Novembala

Kudula. Masamba atatu, kenako limodzi. Paliponse pamene panali "koma" ndafufuta. Analipo ambiri. Zotsalazo n'zochepa, ndipo zikuwawa kuziwerenga mokweza.

Sopo watha. Ndachapa ndi madzi okha.

Lamulungu, 26 Novembala

Kwa a Ambrosi ku Chilomoni. Anjelina pamkeka, nsalu yobiriwira, osandiyang'ana. Waonda. Pepala linali m'thumba, sindinalitulutse. Ndinati, "Anjelina, ndinakunamizani. Ndinkachita manyazi. Pepani." N'kukhala pansi.

A Ambrosi anadikira, ankayesa ndikupuma kaye. "Basi?" Ndinati basi.

Ndiye Anjelina anayamba. Mkazi amene zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikumudula mawu. Ola lathunthu. Kani anadziwa kuyambira sabata yachiwiri. Anandiona pawindo la laibulale, ndikusinza pa nyuzipepala. "Tsiku lililonse ndinkasita shati ija, n'kumati lero andiuza. Mukabwera, nkhani za ku ofesi mpaka chakudya kuzizira. Ntchito imatha, bambo. Ine chinandiwawa n'chakuti munandiyesa mlendo."

Kawiri ndinatsegula pakamwa. Kawiri a Ambrosi anandiponda phazi. Ndinamvetsera mpaka kumapeto.

Sanabwere nane. Akuti aganize kaye.

Lachinayi, 30 Novembala

Palibe uthenga. Ndinayamba kumulembera kalata, ndinaing'amba.

Lachisanu, 8 Disembala

Mvula kuyambira m'mawa. Andilemba pa kasukulu ka pulaiveti ku Machinjiri, kuphunzitsa Chingerezi. Malipiro ochepa kwambiri. Sindinapite kunyumba, ndinakwera minibasi ya ku Bangwe.

Anjelina ndinamuuza pakhomo pomwepo: ntchito yake, malipiro ake, ndiponso kuti mwina sikhalitsa. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analowa m'nyumba. Ndinaima pamvulapo, nsapato zitadzaza madzi. Mphindi khumi, mwina kuposa. Ndinatembenuka kuti ndizipita.

Kumbuyo kwanga, Anjelina, chikwama cha zovala zake chili pakhomo: "Inu, chikwamachi mukusiyira ndani?"

Cholemera zedi. Ndinachisenza mpaka pa siteji.