Makilo Naini a pa Sikelo Yanga

Lolemba, 16 Okutobala 2023

Pepani akazi anga, Mayi a Thoko, ndatenga kope lanu la ku Mvano. Ndilemba masamba akumbuyo okha. Ndilibe womuuza.

Lero mabwana a Namzeze Air atiitana tonse. Ndege ya Lachisanu yopita ku Karonga ndiyo yomaliza. Akuti madola ogulira zipangizo sakupezeka. Tinayamba 2013 ndi ndege zitatu, mtengo wake wongoposa pang'ono wa basi, moti ankakwera ngakhale amayi a geni ya mpunga. Yoyamba anaigulitsa nthawi ya korona. Yachiwiri takhala tikuigulula zitsulo kukonzera yachitatu. Ine zaka khumi ndili pa sikelo, kuyeza munthu ndi chikwama chake. Kukwera ayi, ngakhale kamodzi.

Lachiwiri, 17 Okutobala

Foni yochokera ku Karonga. Alamu anga a Belinda, mng'ono wawo wa Mayi a Thoko, agonekedwa m'chipatala, sakudya. Mayi amafuna kukwera basi mawa. Ndawaletsa. Tikiti yanga yaulere ya ogwira ntchito ilipo, sindinaigwiritsepo. Ndati, "Msana wanuwo, maola khumi ndi awiri pa basi? Dikirani Lachisanu, ola limodzi ndi theka mwafika." Aseka. Akuti, "A Phillip, mukungofuna ndikakuoneni mu yunifolomu." Sananame.

Sindinawafotokozere bwino kuti wa tikiti yaulere amakwera pomaliza, ngati mpando ndi makilo zatsala.

Lachitatu, 18 Okutobala

Mndandanda ndauwerenga katatu. Mipando 19, olipira 16. Malo alipo. Koma kutenthaku! Kukatentha ndege imanyamula zochepa.

Lachinayi, 19 Okutobala

Laini yathu yonse kuno ku Area 25 yadziwa kuti Mayi akuuluka. Asita chitenje chatsopano. A Belinda alankhula pa foni, mawu apansipansi: "Achemwali, mudzandiuze mmene mitambo imaonekera kumsana kwake."

Lachisanu, 20 Okutobala

Ndilemba zonse.

Tinafika ku bwalo la ndege ku Lumbadzi 9 koloko. Ndege inachedwa kudikira mafuta mpaka 1 koloko, dzuwa lili pamutu. Kaputeni Laws anandipatsa nambala: makilo 1,560, osapitirira. Poti ndi ulendo womaliza, aliyense anabwera ndi katundu wambiri. Olipira onse pamodzi 1,498. Kunatsala 62.

Mayi anakwera pa sikelo akumwetulira. 71, chikwama atachisiya pansi. Ndinawauza avule nsapato ndi juzi. Muvi unangogwedezeka n'kubwerera pomwepo.

Ndinapempha bambo wina wa makatoni kuti asiye limodzi. Akuti, "Kampani ikutseka, lidzabwera ndi ndani?" Ena anayang'ana kumbali. Kaputeni anati sangawonjezere ngakhale kilo imodzi.

Rodney, mnzanga wonyamula katundu, anandinong'oneza: "Madala, cholembera chili m'manja mwanu. Makilo naini ndi chiyani? Lembani 62."

Mayi anamva. Anandiyang'ana.

M'ndegemo munali ana awiri, ndinawayeza ndekha. Ndinalemba 71.

Anavala nsapato zawo pang'onopang'ono. Ndege inanyamuka ndi mipando itatu yopanda anthu, iwo akuiona pawindo. Ndawaperekeza ku depoti, akwera basi ya madzulo.

Loweruka, 21 Okutobala

A Belinda atisiya m'mawa uno, basi ili pa Chiweta.

Lolemba, 23 Okutobala

Maliro anaika dzulo. Ndinalongedza kuti ndipite, koma uthenga unadzera kwa mwana wathu Thoko: "Uwauze abambo ako asavutike." Anthu a mu laini abwera kudzapepesa. Wina ndamumva panja: "Ndege yake inali ya iwo omwe, koma anasiya mkazi."

Ku ntchito ndapukuta sikelo, ndapereka makiyi ndi yunifolomu. Rodney sanandiseke. Wangondigwira phewa.

Lachitatu, 25 Okutobala

Mayi foni sakuyankha. Thoko akuti amayi ake atsala konko kaye, za tsiku lobwerera sananene.

Lachinayi, 26 Okutobala

A Gilford, aneba athu, akupita ku Songwe mawa ndi lole, kudzera ku Karonga. Avomera kunyamula kopeli. Ndiye tsamba lino ndi lanu, Mayi a Thoko.

Werengani zonse, sindinafufute kalikonse. Sindikunamizani: mutakweranso pa sikelo ija lero, ndingalembenso 71. Chimene ndinalakwa ndi cha Lachiwiri. Basi ya Lachitatu mukanawapeza a Belinda akulankhula. Ndinakuletsani kuti mudzandione ndili munthu, ndipo za kukwera pomaliza ndinazibisa.

Ndikufuna ndibwere ndikagwade pa manda a alamu anga. Ndikwera basi, chikwama sindinamasule. Koma sindinganyamuke musanalole.

Chonde mundiyankhe lisanafike Lamulungu. Ngati mawu akuvuta, mungondifulasha kamodzi, ndidziwa kuti ndinyamuke. Foni ndaitchaja, ili m'thumba la malaya.