Waya wopita m'dothi

Lachinayi, Okutobala. Tsiku loipa.

M'mawa Amidu, wosesa ku chigayo cha mpunga, anagwira chitsulo cha nyale ya m'shedi, magetsi n'kumuponyera pa simenti. Chikhatho chapsa mpaka kuyera. Ali ku chipatala cha mishoni, sakulankhula.

Mzungu wa chigayo sanafunse kanthu. Anandiwomba mbama pamaso pa amayi opeta, akuti nyalezo ndinalumikiza ndine, andipereka kwa Bwana DC. Ndinedi. Koma waya wamkuwa wochoka pa thiransifoma kulowa m'nthaka, umene umathawitsira moto pansi zinthu zikalakwika, ndinaukwirira ndi manja angawa. Nditazungulira kuseri ndinapeza wadulidwa, kwatsala kachidutswa ngati chala.

Mlonda anati Lamulungu anaonako alamu anga a Saidi atanyamula chikwanje. Ndinakawapeza pagombe akusoka ukonde. Ndinati, "Alamu, waya uja uli kuti?" Iwo n'kuseka: "Waya wopita m'dothi, wosayatsa nyale, ntchito yake n'chiyani?" Ndinatola nkhafi. Ndinawamenya nayo pamsana, kukamwa, mpaka asodzi anandigwira. Dzino lawo latsala mumchenga. Chisoni ndilibe.

Mkazi wanga Mwanaisha sanamvebe za achimwene akewo. Pondithirira madzi m'manja, ndinaona pamkono pake zibangili zatsopano zamkuwa, zofiirira, zopindidwa bwino. Anazigwedeza akumwetulira: "Andipangira achimwene. Sizinakongole?"

Ndinati zakongola. Akupeta mpunga panjapo tsopano, ndipo lichero likakwera zibangili zija zikulira, ndikuzimva muno.